Chigoli chimodzi n'kutseka: mmene Atlético Madrid inazolowerera kupambana mothinana

Pa Dedza boma, pa Chimbiya, pa Lizulu mpaka kukafika pa Kampepuza, m'malo oonetsera mpira mumadzaza majezi a Manchester United, Arsenal, Chelsea ndi Liverpool. Za ku Spain anthu anagawana kalekale, ena a Barcelona, ena a Real Madrid. Atlético Madrid ilibe khamu kuno. Komatu palibe sapota amene mtima umakhala m'malo akamva kuti timu yake yagwera Atlético mu Champions League. Ndipo timuyi ikapambana 1-0 monga mwa chizolowezi chake, mawu amene amamveka anthu akutuluka ndi omweomwewo. "Amwayi awa, achimwene." Wina amvekere, "Ndi mpira umenewu, madala? Kungounjikana pagolo basi." Ikanakhala timu ya mu ligi yathu, wachitatu akananena za mankhwala, kuti pagolo pawo anakwirirapo kanthu.

Mwayi ulimo ndithu m'nkhaniyi, ndipo ndi waukulu kuposa mmene okonda Atlético amavomerezera. Koma mwayi sukhala pakhomo limodzi zaka zoposa 10. Chimene Diego Simeone, mphunzitsi wa Atlético, anamanga ku Madrid ndi kaseweredwe kochepetsa mipata ya zigoli m'masewera, ya adani ndi yake yomwe, kenako n'kukonzekeretsa anyamata ake kuti pa mipata yochepa yotsalayo, wabwino kwambiri ugwere iwo. 1-0 imabadwa m'ntchito imeneyo. Ndipo ntchito yomweyo ndi imene inawaliritsa m'mafainolo awiri a Champions League.

Tiyambe ndi mpira weniweniwo. Zigoli ndi zosowa. Pa mpira wamanja, Queens ikhoza kugoletsa 50 kapena 60 pa masewera amodzi, choncho wamphamvu amaonekera poyera, kuphonya kamodzi sikusintha kanthu. Pa mpira wamiyendo m'maligi akuluakulu, masewera amodzi amatulutsa zigoli ziwiri kapena zitatu, kuphatikiza mbali zonse ziwiri. Zotsatira zimene zimabwerabwera kuposa zina ndi 1-0, 1-1 ndi 2-1. Chigoli chimodzi chimalemera kwambiri pa masewera otere, ndipo lamulo la mapointi 3 kwa wopambana, limene linayambira ku England mu 1981 n'kufalikira dziko lonse m'zaka za m'ma 1990, linachilemeretsanso. Kuchoka pa 1-1 kufika pa 2-1 mwawonjezera mapointi 2. Kuchoka pa 2-0 kufika pa 6-0 simunawonjezere pointi ngakhale imodzi. Mu ligi ya Spain ya 2013/14, Real Madrid inagoletsa zigoli 104, Barcelona 100, Atlético 77 zokha. Mapointi: Real Madrid 87, Barcelona 87, Atlético 90. Atlético inachinyidwa zigoli 26 m'masewera 38. Zigoli zake zinali zochepa, koma zinagwa m'masewera amene zinkafunika.

Simeone anapatsidwa ntchito mu Disembala 2011, timu itangochotsedwa m'chikho cha Copa del Rey ndi Albacete, ya mu ligi yachitatu. Anali mwana wa pakhomopo: anasewera pakati mu timu imene inatenga ligi ndi chikho mu 1996. Koma Atlético imene anaipeza inkadziwika ndi tsoka. Mu fainolo ya chikho cha Ulaya ya 1974 inkatsogola Bayern Munich 1-0, n'kubwezeredwa chigoli pa mphindi yomaliza ya nthawi yowonjezera, ndipo pobwereza masewerawo inathiridwa 4-0. Mu 2000 inatuluka mu ligi yaikulu. Inali isanagonjetse Real Madrid, mnansi wake mumzinda womwewo, kuyambira 1999. Ndalama nazo zinali kutali ndi za akuluakulu awiri aja. Simeone sanadzinamize kuti angapatsirane mpira kuposa Xavi, Iniesta ndi Messi, kapena kuti angapikisane zigoli ndi Cristiano Ronaldo. Anasankha kumenyera nkhondo pamalo pamene ndalama sizithandiza kwenikweni.

Malo amenewo ndi kutsogolo kwa golo lake. Bwalo la mpira ndi lalikulu, pafupifupi mamita 105 m'litali ndi 68 m'lifupi, ndipo anthu 11 sangalilondere lonse. Mphunzitsi aliyense amasankha gawo loti alisiye. Aphunzitsi ngati Guardiola ndi Klopp amasiya kumbuyo kwa otchinga awo, chifukwa amakankhira timu yonse kutsogolo kuti ikalande mpira komweko. Simeone amasiya m'mbali. Anyamata ake amaima mizere iwiri ya anthu anayianayi, awiri ali kutsogolo, onse atathithikana pakati. Koke ndi Arda Turan, amene pa pepala anali osewera a m'mbali, sankakhala m'mphepete kudikira mpira. Ankalowa mkati kudzaima pafupi ndi Gabi ndi Tiago, kutseka tinjira tonse tolowera kwa omwetsa zigoli a adani. Mpata wa pakati pa mzere wa otchinga ndi mzere wa osewera pakati, kumene anthu ngati Messi amakonda kulandirira mpira n'kutembenuka, unkafinyidwa mpaka munthu kusowa potembenukira.

Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Golo ndi la mamita 7.32 m'lifupi, ndipo zigoli zambiri zimachokera m'bokosi, makamaka pakati pake, moyang'anizana ndi golo. Amene amawerengera kulemera kwa mipata, njira imene pa TV amailemba kuti xG, amayang'ana mashoti ambirimbiri akale n'kuona kuti kuchokera pamalo akutiakuti ndi angati analowa. Pa mapenate 4, pafupifupi 3 amalowa. Pa mashoti 100 ochokera kutali kunja kwa bokosi, olowa ndi owerengeka ndi zala. Tsono mukaona pa sikirini kuti timu ina yamenya mashoti 20 pamene Atlético yamenya 5, musafulumire kunena kuti yapulumukira mkamwa mwa mbuzi. Funsani kaye kuti mashoti 20 amenewo anamenyedwera pati. Ngati ambiri anali a patali, munthu akumenya chifukwa wasowa wompatsira, ndiye kuti masewera ayenda mmene Simeone anafunira.

Mdani akalephera kudutsa pakati amapita nawo mpira m'mbali, ndipo kumeneko kuli misampha iwiri. Woyamba ndi mzere wa bwalo. Wosewera wolandira mpira m'mphepete watsekeredwa kale mbali imodzi, ndiye wotchinga wa m'mbali, wosewera pakati mmodzi ndi wakutsogolo mmodzi amamuzinga nthawi imodzi. Wachiwiri ndi wakuti akapulumuka pamenepo, chimene chatsala ndi kukweza mpira m'bokosi, kumene Diego Godín ndi Miranda ankaudikira ndi mitu. Mipira yam'mwamba inali chakudya chawo.

Zonsezi zimagwira pokhapokha anthu 10 akamayenda ngati munthu mmodzi. Amene anaonererapo ngoma pa Umhlangano ku Nkolimbo akudziwa mmene mzere wa amuna umapondera pansi nthawi imodzi, ndi mmene phazi la mmodzi likachedwa limaonekera kwa aliyense. Mpira ukapita kumanja, mizere yonse iwiri imatsetserekera kumanja. Ukabwerera kumanzere, onse abwerere, osasiya mpata pakati pa munthu ndi mnzake. Mmodzi akachita ulesi masekondi atatu, khomo latseguka. N'chifukwa chake kwa Simeone ngakhale womwetsa zigoli wodula amathamanga kubwerera. Antoine Griezmann, amene anabwera mu 2014 kuchokera ku Real Sociedad, munkamuona akulanda mpira pafupi ndi bokosi lake lomwe. Ntchito imeneyi imadya mphamvu za miyendo ndi za mutu, ndipo kwa zaka zambiri wokonza matupi a anyamatawa anali Óscar Ortega wa ku Uruguay, wodziwika ndi maphunziro owawa a nthawi yokonzekera ligi.

Kutseka kokha kumabala 0-0. Nanga chigoli chimodzicho chimachokera kuti? Njira ina ndi kuthamanga nawo mpira atangoulanda, adani asanabwerere m'malo mwawo. Diego Costa, amene anagoletsa zigoli 27 mu ligi ya 2013/14, ankathamangira mipira yoponyedwa kumbuyo kwa otchinga, akukankhana nawo mapewa. Koma njira imene inapereka zikho ndi mipira yoima: makona ndi mafulikiki. Mu Meyi 2013, mu fainolo ya Copa del Rey pabwalo la Real Madrid lomwe, Miranda anagoletsa ndi mutu mu nthawi yowonjezera, 2-1, n'kuthetsa zaka 14 zosapambana pamaso pa mnansiyo. Pa 17 Meyi 2014, tsiku lotseka ligi, Atlético inapita ku Camp Nou ikufuna pointi imodzi. Costa anatuluka atavulala koyambirira, Arda Turan naye chimodzimodzi, Alexis Sánchez n'kugoletsera Barcelona. Chigawo chachiwiri chitangoyamba, Gabi anamenya kona, Godín anadumpha, 1-1. Ligi yoyamba kuyambira 1996, komanso koyamba kuyambira Valencia ya 2004 kuti timu ina, osati Barcelona kapena Real Madrid, itenge ligi ya Spain.

Kona payokha si mpata waukulu. Pa makona 100, obala chigoli ndi atatu kapena kuzungulira pamenepo. Koma m'masewera amene mipata ina yonse yaphedwa, kampata kakang'onoko kamakula. Ndiponso kona ndi gawo lokhalo la mpira limene mphunzitsi angalikonze lonse pa maphunziro: womenya amadziwika, polunjika pamadziwika, wotsekereza mdani kuti mnzake adumphe momasuka amadziwika. Luso la Messi simungaliphunzitse munthu Lachiwiri masana. Kona mungathe.

Atlético ikangotsogola, masewera amasanduka ena. Mdani tsopano ayenera kutuluka, ndipo akamatuluka amasiya kumbuyo mpata umene Atlético imaufuna. Nthawi nayo imayamba kugwira ntchito mbali imodzi. Mphindi iliyonse yodutsa, mdani amawonjezera phuma, amayamba kumenya mashoti a patali ndi kukweza mipira yosaganizira, zinthu ziwiri zomwezija zimene Atlético inakonzekera. Apa pamabweranso tinjira tina: kugwetsa munthu pakati pa bwalo asanathamange, kuchedwa kuponya mpira wotuluka, kuzinga woyimbira, kugona pansi nthawi yaitali. Kugwetsa munthu n'kulandira khadi lachikasu ndi malonda amene malamulo anawaikira mtengo wake, ndipo wosewera amalipira. Koma kugona pansi usanavulale ine sindikuikira kumbuyo. Kumabera anthu amene analipira pakhomo, ndipo ana amene akuonera m'mavidiyo sho amakatengera zomwezo ku mabwalo a sukulu. Opanga malamulo nawo akhala akutseka mipata imeneyi: kuyambira 2025 goloboyi akagwira mpira m'manja kupitirira masekondi 8, adani amapatsidwa kona.

Pali munthu mmodzi amene popanda iye zonsezi ndi maloto. Ngakhale mutseke bwanji, timu yabwino idzapeza mpata umodzi kapena iwiri yeniyeni pa mphindi 90. Timu yogoletsa zinayi ikhoza kukhululukira goloboyi wake. Timu ya 1-0 singathe. Simeone anayamba ndi Thibaut Courtois, wobwerekedwa ku Chelsea, kenako Jan Oblak wa ku Slovenia, wogulidwa ku Benfica mu 2014. Mu ligi ya 2015/16 Oblak anachinyidwa zigoli 18 zokha m'masewera 38. Chaka chomwecho mu semifainolo ya Champions League ku Munich, Bayern ya Guardiola ikutsogola 1-0, anagwira penate ya Thomas Müller, ndipo Atlético inadutsa. Pa 11 Marichi 2020 ku Anfield, Liverpool imene inali ndi chikhocho m'manja inamuwombera usiku wonse; iye anasunga timu yake m'masewera mpaka Marcos Llorente anagoletsa ziwiri ndi Álvaro Morata chimodzi mu nthawi yowonjezera. Anthu akamati "mwayi", kawirikawiri chimene aona ndi goloboyi waluso amene timu yake yamupatsa mipira yochepa yoti agwire, yochokera mbali imene iye akuiyembekezera.

Za mtima ndi zovuta kuziyeza, koma aliyense amene anasewerapo, ngakhale mpira wa bonanza kumudzi, akudziwa mmene miyendo imalemerera mukatsogola ndi chigoli chimodzi kutatsala mphindi 10. Wina amangomenya mpira kulikonse, wina amasiya munthu wake n'kuthamangira mpira, wina amayamba kukalipira anzake. Timu yozolowera kupambana 4-0 ikafika pamenepa ili kuchilendo. Atlético ili kwawo, chifukwa sabata ndi sabata imakhala pomwepo. Godín, Gabi, Juanfran, Filipe Luís ndi Koke anadutsa m'mphindi zoterezi limodzi kwa zaka zambiri, aliyense akudziwa pamene mnzake waima osacheuka n'komwe. Simeone naye amakana kulankhula za chikho. Yankho lake kwa atolankhani kwa zaka zonsezi lakhala lakuti aziona masewera amodziamodzi. Ndimakhulupirira kuti chizolowezichi ndi chenicheni. Chimene chimachita ndi kuchepetsa zolakwa za mantha. Sichilamula kumene mpira ukagunda mtengo wa golo ugwere.

Ndipo apa ndi pamene nkhani ya mwayi iyenera kunenedwa moona. Patangotha sabata imodzi chitengereni ligi ku Camp Nou, pa 24 Meyi 2014 ku Lisbon, Atlético inakumana ndi Real Madrid mu fainolo ya Champions League. Godín anagoletsa ndi mutu m'chigawo choyamba. Anatseka, monga mwa masiku onse, mpaka mphindi 90 zinakwana. Pa mphindi yachitatu yowonjezera, Luka Modrić anamenya kona, Sergio Ramos anadumpha, 1-1. Kona ndi mutu zinawapatsa ligi. Kona ndi mutu zinawalanda chikho cha Ulaya patatha masiku 7. Miyendo inali itatha, ndipo Real Madrid inapambana 4-1 mu nthawi yowonjezera. Mu 2016 ku Milan, matimu omwewo, Griezmann anamenyetsa penate pamtengo wopingasa, masewera anatha 1-1, ndipo pa mapenate Juanfran anagunda mtengo. Mtima unali womwewo, anthu ambiri omwewo, kakonzedwe komweko. Wotsogola ndi chigoli chimodzi amakhala nthawi zonse pafupi ndi ngozi imodzi, ndipo timu yosankha kukhala pamenepo yavomera kuti tsiku lina ngoziyo idzaipeza.

Mu 2020/21 mtengo womwewo unawakomera. Pa masewera a ku Elche mu Meyi 2021, Atlético ikutsogola 1-0, Elche inapatsidwa penate kumapeto kwenikweni, ndipo mpira unagunda mtengo. Masabata angapo m'mbuyomo Oblak anali atagwira penate ya Alavés kumapeto kwa masewera ena a 1-0. Ndi Osasuna anali kumbuyo mpaka mphindi ya 82, Renan Lodi n'kubweza, Luis Suárez n'kumaliza pa 88. Tsiku lotseka ku Valladolid anayambanso kuchinyidwa, n'kupambana 2-1. Anatenga ligi ndi mapointi 86, Real Madrid 84. Penate ya Alavés inagwidwa ndi luso. Ya Elche palibe wa Atlético amene anaikhudza. Zonse ziwiri zinabala mapointi ofanana, ndipo ndi mapointi 2 omwewo amene analekanitsa woyamba ndi wachiwiri.

Ndiye tingasiyanitse bwanji timu imene ili ndi khalidwe ndi timu imene yangogwa m'mwezi wabwino? Osayang'ana zotsatira zokha. Yang'anani mipata imene ikupereka kwa adani, ndipo yang'anani kwa nthawi yaitali. Leicester City ya Claudio Ranieri, pothamangira ligi ya England ya 2015/16, inapambana 1-0 motsatizana ndi Watford, Newcastle, Crystal Palace ndi Southampton. Inali timu yabwino, yotseka bwino, ndipo inayenera chikhocho. Koma N'Golo Kanté atapita ku Chelsea, chaka chotsatira inamaliza pa nambala 12, Ranieri atachotsedwa kale mu Febuluwale 2017. Atlético, kuyambira 2012/13, inakhala zaka zambiri zotsatizana osatsika pansi pa nambala 3, ndipo Oblak anatenga mphotho ya goloboyi wochinyidwa zochepa mu Spain zaka zinayi zondondozana, 2016 mpaka 2019, n'kuitenganso mu 2021. Chobwerezabwereza ndi kuchepa kwa zigoli zochinyidwa. Chosinthasintha ndi chakuti masewera othinanawo atha 1-0, 0-0 kapena 0-1.

Mtengo wina wa kaseweredwe aka umaoneka Atlético ikakumana ndi timu yofooka imene nayonso yasankha kutseka. Kuchepetsa mipata kumathandiza wochepa mphamvu, ndiye tsiku limene Atlético ndiye wamkulu, chida chake chimatembenukira mwini. Mu 2017 inalepherana kawiri ndi Qarabağ ya ku Azerbaijan, 0-0 ndi 1-1, n'kutuluka m'magulu a Champions League. Mu Januwale 2021, ikutsogola ligi, inachotsedwa mu Copa del Rey ndi Cornellà ya mu ligi yachitatu, 1-0. Ndipo pali masiku amene kutseka kumapyola malire: mu Epulo 2022 ku Manchester City, Atlético sinamenye shoti ngakhale imodzi, n'kugonja 1-0 ndi chigoli cha Kevin De Bruyne. Usiku umenewo amene ankati si mpira umenewu ankanena zoona.

Tisaganizenso kuti 1-0 ndi ya otseka okha. Spain inatenga World Cup ya 2010 ku South Africa pogonjetsa Portugal, Paraguay, Germany ndi Netherlands, masewera onse anayi 1-0, ndipo inachita zimenezi pousunga mpira kuti mdani asaukhudze. Greece, potenga chikho cha Euro 2004, inagonjetsa France, Czech Republic ndi Portugal 1-0 pousiyira mdani mpirawo. Njira n'zosiyana kutalitali, cholinga n'chimodzi, kuti mdani asowe mpata weniweni.

Ife Amalawi nkhaniyi si yachilendo, kungoti sitiitchula dzina. Flames inapita ku AFCON ya ku Cameroon itagoletsa zigoli 4 zokha m'masewera 6 a mpikisano wolowera. Inagonjetsa South Sudan 1-0 kawiri, inalepherana 0-0 ndi Burkina Faso kuno kwathu, ndipo pa 29 Marichi 2021 pa Kamuzu Stadium inagonjetsa Uganda 1-0 ndi chigoli cha Richard Mbulu. Zigoli zitatu zinabala mapointi 9. Ku Cameroon komweko mu Januwale 2022 masewera onse anayi anali othinana: kugonja 1-0 ndi Guinea, kupambana 2-1 ndi Zimbabwe pa zigoli ziwiri za Gabadinho Mhango, 0-0 ndi Senegal imene inadzatenga chikhocho, ndi kugonja 2-1 ndi Morocco titatsogola ndi chigoli cha patali cha Mhango chija. Ndi Senegal tinapatsidwa penate imene inafafanizidwa woyimbira atakaonanso pa VAR. Ndi Morocco tinagwetsedwa ndi mutu wa En-Nesyri chigawo choyamba chikutha, kenako fulikiki ya Hakimi. Timu imene pa pepala inali kutali ndi Sadio Mané ndi anzake inadziika pamalo pamene chinthu chimodzi chikanatha kusintha zonse. Kamodzi chinatikomera, kawiri chinatipweteka, kamodzi chinatisiya pakati.

Kuyambira 2022, pamene Dedza Dynamos inalowa mu Super League, anthu a kuno tayamba kuona Maule, Manoma ndi Mabanka ndi maso athu pa Dedza Stadium, ndipo funso la Simeone la 2011 lafika pakhomo pathu. Ligi yathu ili ndi matimu 16, masewera 30, atatu otsiriza amatuluka. Timu ya m'boma singapikisane ndi matimu a ku Blantyre ndi Lilongwe pogula osewera. Chimene ingathe ndi kusankha khalidwe limodzi n'kulikakamira. Mabwalo athu ambiri, makamaka dzuwa la Okutobala likawauma, mpira wapansi umadumphadumpha, ndipo kupatsirana kufupi ndi golo lako ndi kuitana ngozi. Pa mabwalo otere mipira yoima imalemera kuposa ku Spain. Kuphunzira makona sikufuna ndalama. Kumafuna womenya mmodzi wodalirika, anthu awiri odziwa kudumpha, ndi mphunzitsi wololera kubwereza chinthu chimodzi mpaka anyamata atatopa nacho. Ulendo wa ku Karonga kapena ku Chitipa ndi wautali, miyendo imafika yolemera, ndipo timu yodziwa kubwerako ndi 0-0 m'malo mwa 0-1 imasonkhanitsa mapointi amene pakutha pa chaka ndiwo amaisunga mu ligi.

Chovuta chili kwa ife oonera ndi kwa atsogoleri a matimu. Timakonda njomba, timaimbira m'manja wodyetsa anthu atatu ngakhale mpira uthere kunja, ndipo wotchinga amene waima pamalo oyenera masewera onse mpaka mdani sanayese n'komwe kudutsa pamenepo sitimuona. Timu ikalepherana kawiri pakhomo timayamba kufuna mutu wa mphunzitsi. Simeone wakhala pa mpando umodzi kuyambira 2011, ndipo mizere iwiri ija inatenga zaka kuti izipuma mpweya umodzi. Kwathu kuno si zachilendo timu kusintha aphunzitsi ligi ili mkati, aliyense ndi kaseweredwe kake. Komanso simungauze mnyamata kuti athamangire mnzake mphindi 90 opanda mpira pamene malipiro ake achedwa ndipo kunyumba kulibe ufa. Kaseweredwe aka kamapempha wosewera zambiri kuposa kena kalikonse, choncho kamafuna kuti timu nayo isunge mbali yake ya pangano.

Ngakhale ku Madrid komweko khalidweli silinakhale chimodzimodzi anthu atasintha. Gabi anachoka mu 2018. Mu 2019 anachoka Godín, Juanfran, Filipe Luís ndi Griezmann chilimwe chimodzi, ndipo timu inagula João Félix ku Benfica ndi mayuro 126 miliyoni, mnyamata waluso lalikulu amene sanagwirizane ndi ntchito yothamanga opanda mpira. Simeone anayamba kuika otchinga atatu pakati, kusunga mpira kwambiri, kufuna zigoli zambiri. Zinamupatsa ligi ya 2021 atachinyidwa 25, koma chaka chotsatira timu yomweyo, mphunzitsi yemweyo, goloboyi yemweyo, inachinyidwa zigoli 43. Atlético ili ndi ndalama zofunafuna Godín wina ku Uruguay kapena ku Argentina. Timu ya kuno ikapeza otchinga awiri omvana, mmodzi amatengedwa ndi timu ya mutauni ligi isanathe n'komwe, ndipo wolowa m'malo mwake ayenera kuchokera ku timu ya achisodzera imene yakhala ikuphunzira kuima mizere yomweyo, kapena mphunzitsi ayambirenso pachiyambi ndi mlendo.